NDINAKANA KUBWEZA DETI PA SETIFIKETI YA UKWATI

Uthenga wa lero ndi wautali, choncho pezani pokhala. Ngati amuna anu kapena akazi anu ali ku Joni, ku UK kapena ku America, ndipo mukulingalira zodzawatsatira, muwerenge mpaka pansi. Inunso abusa anzanga musadumphe, chifukwa mbali ina ya nkhaniyi ikutikhudza ife.

Chaka cha 2024, tsiku lina Lachiwiri m'mawa, kunyumba kwanga kunafika mayi wina wa mumpingo mwathu. Dzina sinditchula, ndipo nkhaniyi ndikuifotokoza atandilola eni ake. Anakhala pamkeka pakhonde ndi amayi busa, natulutsa jumbo yodzaza mapepala. Atamaliza malonje anati, "Abusa, bambo a kunyumba akufuna alankhule nanu pafoni."

Bamboyo ali ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale, chija amati permanent residence, anachipeza asanakwatire. Banja lawo linayamba ndi chinkhoswe mu 2016. Mu 2022 ndi pamene anabwera kutchalitchi, ine ndi manja angawa n'kudalitsa ukwati wawo, n'kuwapatsa setifiketi ya mpingo. Zaka zonsezi mayiyo wakhala kumudzi ndi ana awiri, bambo akumabwera pa Khirisimasi.

Pafonipo anati, "Abusa, ndithandizeni. Kuno lamulo likuti mkazi apemphe zokhala mpaka kalekale akakhala kuti wakhala pabanja zaka zisanu. Setifiketi yanu ija ikuti 2022. Tangolembani ina, muike 2016. Si bodza ayi, tinalidi pabanja. Kangachepe ka mafuta a njinga ndikutumizirani."

Ndikuuzeni zoona, mtima unagunda. Sindikunena za ndalamayo ayi. Ndinayang'ana mayiyo, munthu amene wasamala banja zaka zisanu ndi zitatu ali yekha, akulima yekha, akuthamangira kuchipatala usiku ndi mwana yekha. Cholembera chinali m'thumba la malaya, masetifiketi osalemba anali m'kabati. Ntchito ya mphindi zisanu basi.

Koma ndinakana. Ndinati, "Achimwene, ine mu 2016 sindinadalitse ukwati wanu. Ndikalemba choncho ndanama, ndipo bodzalo lidzasenzedwa ndi mayiwa pa windo la ofesi, ine ndili kuno." Anadula foni. Mayiyo anatola jumbo yake misozi ili m'maso. Masabata atatu sanabwere kutchalitchi, ndipo ndinamva kuti m'mudzi mukuyenda mawu akuti abusa aja ndi ouma mtima.

Chimene ndikufuna kukuuzani lero ndi ichi: pa nkhani ya viza ya mkazi kapena mwamuna wanu, chimene chimagwetsa anthu ambiri si umphawi wokha ayi. Ndi mapepala amene akutsutsana okhaokha. Ndipo mankhwala ake si kuwonjezera pepala lina labodza pamwamba, koma kubwerera pansi n'kukonza choonadi kuti chilembedwe mofanana paliponse.

Tamverani mmene zinathera. Sabata yachinayi ndinapita ndekha kwawo, pamodzi ndi amayi busa. Ndinapempha kuti aitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tinayala mapepala onse a m'jumbo muja pamkeka, limodzi limodzi. Zimene tinaona, abale, deti ya ukwati ija inali vuto laling'ono.

Pa setifiketi ya sukulu mayiyo ankadziwika ndi dzina la atsibweni ake, chifukwa ndi amene anamulera n'kukamulembetsa sukulu, monga zimakhalira kuno kwathu. Pa chiphaso cha unzika panali dzina la bambo ake omubereka. Pa setifiketi ya mpingo ine ndinalemba dzina la mwamuna wake. Munthu mmodzi, maina atatu. Chaka chobadwa nachonso chinali pawiri, chifukwa pobwereza Sitandade 8 anamuchotsera zaka ziwiri. Ngakhale dzina lake loyamba, pena linalembedwa ndi "l", pena ndi "r". Ife tikamaitana Malita kapena Marita timadziwa kuti ndi munthu yemweyo. Koma mlembi wa ku Pretoria kapena ku London sadziwa zimenezo. Iye amaona anthu awiri.

Tsono taganizani, ndikanalemba setifiketi ya 2016 ija, ikanakhala pepala lachinayi lotsutsana ndi anzake atatu.

Ndiye chodabwitsa n'chakuti chimene bambo uja ankafuna kugula ndi bodza, anali nacho kale mwachoonadi. Lamulo la maukwati la dziko lino, Marriage, Divorce and Family Relations Act la chaka cha 2015, limavomereza mitundu inayi ya ukwati: wa kwa DC, wa chikhalidwe, wa kumpingo kapena kumzikiti, komanso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Wachinayiwu amautsimikiza ndi khothi, ndipo pamafunika zaka zosachepera zisanu. Ndiye kuti chinkhoswe cha 2016 chija sichinali chibwenzi ayi, unali ukwati weniweni pamaso pa lamulo. Chimene chinkasowa ndi umboni wolembedwa.

Tinayamba ulendo. Ankhoswe anapita kwa anyakwawa, anyakwawa anatilembera kalata yopita kwa gulupu, mpaka kwa T/A. Ankhoswe awiriwo anakalumbira pamaso pa majisitireti kuti iwo ndi amene anamanga banjali, chaka chakuti, m'mudzi mwakuti. Mayiyo analumbiranso kalata yofotokoza kuti maina atatu aja ndi a munthu mmodzi, ndi chifukwa chake anasiyana. Setifiketi yanga ya 2022 inakhala momwemo, ikunena zoona zake: kuti chaka chimenecho tinadalitsa banja limene linalipo kale. Zinatitengera miyezi isanu ndi iwiri, maulendo ambirimbiri a kabaza ndi minibasi pakati pa kumudzi, pa boma ndi Blantyre. Panali masiku ena mayiyo ankati, "Abusa, ndatopa, zingokhala." Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lero mayiyo ali ku Johannesburg ndi amuna awo ndi ana, pa viza ya mkazi wa munthu wokhala m'dzikomo. Pempho la kukhala mpaka kalekale analipereka, akudikira yankho. Sindikunamizani kuti zonse zatheka. Koma amagona tulo, chifukwa palibe pepala ngakhale limodzi m'faelo mwake limene akuopa kuti wina akalifufuza.

Tsopano ndilankhule nanu inu amene muli pa ulendo womwewu.

CHOYAMBA, yambani ndi chiphaso cha unzika. Mu 2017 boma, kudzera ku National Registration Bureau, linalembetsa anthu opitirira 9 miliyoni. Ambiri a ife tinapita pamzere uja osaganiza kuti zimene tikuyankha zidzatitsata moyo wonse. Wina anangotchula chaka chimene chinabwera m'mutu. Wina anasiya mlembi alembe dzina mmene walimvera. Lero pasipoti imatengera zimene zili pa chiphaso chimenecho, ndipo viza imatengera pasipoti. Ngati muzu uli wokhota, mtengo wonse ukhota. Tulutsani chiphaso chanu lero lomwe, muchiike pambali pa setifiketi ya MANEB, ya ukwati ndi makalata a kubadwa a ana. Werengani chilembo chimodzi chimodzi. Mukapeza kusiyana, pitani ku ofesi ya NRB pa boma mukafunse njira yokonzera, musanapereke pempho la viza.

CHACHIWIRI, ana. Kulembetsa kubadwa kwa mwana ndi lamulo m'dziko muno kuyambira 2015. Kabuku ka kusikelo si kalata ya kubadwa. Khadi la ubatizo kapena la kudalitsa mwana si kalata ya kubadwa. Ndipo pa kalatayo onetsetsani kuti dzina la bambo ndi la mayi alembedwa monga zilili pa mapasipoti awo. Ngati mayi ali ndi mwana wa bambo wina amene akufuna kupita naye, nkhani ya chilolezo cha bambo wakeyo iyambeni msanga, musaisiye mpaka sabata yonyamuka.

CHACHITATU, malo obadwira. Ichi ndi cha ife a m'malire. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu oposa 1 miliyoni anathawira kuno ku Malawi, ndipo ambiri analowera pa Muloza pompa. Mabanja athu ali mbali zonse ziwiri. Alipo ambiri pakati pathu amene anabadwira ku Milange koma anakulira ku Limbuli kapena ku Chitakale. Milange ndi Mulanje, kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri zokha, koma ndi maiko awiri. Musabise. Ngati muli ndi pepala la Chipwitikizi, limasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, osati mphunzitsi wa pafupi amene amamvako pang'ono. Ngati nkhani ya unzika wanu ili yosokonekera, kaikonzeni ku Immigration poyamba.

CHACHINAYI, ukwati wakale. Apa ndi pamene anthu amachita manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Fomu ikafunsa ngati munakwatirapo kapena kukwatiwapo kale, yankhani zoona. Kuno kwathu banja likatha mwamuna amangonyamula kachikwama kake n'kuchoka pa chikamwini, ankhoswe n'kugwirizana kuti zatha. Ofesi ya viza imafuna pepala: chigamulo cha khothi chothetsa ukwati, kapena kalata ya imfa ngati mnzanuyo anamwalira. Ndipo inu abambo muli kunja, ngati munakwatira mkazi wina kumeneko kuti mupeze mapepala, dziwani kuti ukwati umenewo uli m'kompyuta ya boma la kumeneko. Simungaitanitse mkazi wa kumudzi ngati kuti winayo kulibe. Muwauze mayi a kunyumba zoona asanagulitse mbuzi ndi njinga kulipirira pempho limene lidzakanidwa.

CHACHISANU, kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu, ija timati police clearance. Amakudindani zala, ndipo imatenga nthawi. Koma imakhalanso ndi nthawi yake yogwira ntchito, chimodzimodzi zotsatira za kuchipatala. Mukaitenga msanga kwambiri idzatha mphamvu mapepala ena asanakonzeke. Yambani ndi zimene sizitha msanga: chiphaso, pasipoti, ukwati, ana. Izi zinazi zibwere kumapeto. Pasipoti yokha musaichedwetse. Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene makina osindikizira mapasipoti anaima kwa masabata angapo, anthu maulendo awo n'kuimanso.

CHACHISANU NDI CHIMODZI, umboni woti banja lanu ndi lenileni. Setifiketi yokha siikwana. Iwo amadziwa kuti alipo anthu amene amakwatirana pa pepala pokha. Sungani malisiti a ndalama zimene amakutumizirani pa Mukuru kapena njira ina. Sungani zithunzi za chinkhoswe ndi za maulendo amene bambo anabwera, masamba a pasipoti amene ali ndi zidindo za pa Mwanza kapena pa Chileka, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp. Foni ikatayika zonse zimapita, ndiye sindikizani zina musunge.

Dziko lililonse lili ndi zofuna zake, ndipo musatengere za mnzanu amene anapita zaka khumi zapitazo. Ku South Africa, Mmalawi amaloledwa kulowa popanda viza kwa masiku 30 okha. Mukapitirira masikuwo, potuluka amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika: chaka chimodzi ngati mwapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati mwaposa pamenepo. Amayi ambiri agwa m'dzenje limeneli. Amapita kukaona amuna awo, amakhalitsa miyezi inayi, ndiye pamene akufuna kuchita zinthu mwadongosolo apeza chitseko chatsekedwa. Komanso dziwani kuti mu 2019 khothi la Constitutional Court la kumeneko, pa mlandu wa Nandutu, linagamula kuti mkazi kapena mwamuna wa nzika kapena wa munthu wokhala mpaka kalekale angathe kupempha kusintha viza yake ali m'dzikomo. Koma chitani zimenezo masiku anu asanathe.

Ku UK, kuyambira April 2024, amene akuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ayenera kuonetsa kuti amapeza ndalama zosachepera 29,000 pounds pa chaka. Kale zinali 18,600. Wopitayo amalemba mayeso a Chingerezi, ndipo chifukwa akuchokera ku Malawi amayezetsa TB ku chipatala chimene iwo anavomereza, osati chilichonse. Ku America pempho limayambira kwa amene ali kumeneko, ndi fomu yotchedwa I-130, ndipo lamulo lawo ndi lolimba: akakupezani kuti munanama dala pa chinthu chofunika kuti mupeze viza, chitseko chingatsekedwe moyo wanu wonse. Malamulo awo okhudza Amalawi akhalanso akusintha. Mu August 2025 anayamba kuitanitsa chikole chofika mpaka 15,000 dollars kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza. Ndiye musanalipire kalikonse, werengani zimene ofesi ya kazembe wa dzikolo yalemba pa tsamba lake sabata yomweyo. Safunsa adadya phula.

Ndikudziwa ena mukuti, "Abusa, inu mukulankhula chifukwa simunavutikepo. Njira yoongoka ndi yodula, ndi yochedwa. Dobadoba amatha zonse sabata imodzi." Sindikutsutsa kuti ndi yodula. Kuchoka kwa Mabuka kapena kwa Njema kupita ku Lilongwe n'kubwerako ndi ndalama imene wothyola tiyi ku esiteti amaigwirira ntchito masiku ambiri. Sindikutsutsanso kuti maiko olemerawa aika mipanda imene imapweteka osauka kuposa olemera. Zimandiwawa inenso. Koma dobadoba akakupatsani pepala lake, iye amatsala pa geti. Amene mukaime pa windo ndi inu, zala zimene akadinde ndi zanu, dzina limene lidzalembedwe kuti ndi la wachinyengo ndi lanu. Ndalama yopita kwa dobadoba mumalipira kawiri: poyamba kugula bodza, kenako kulipira kuti mulichotse, ngati n'kotheka n'komwe.

Ena mumati, "Ukwati ndi ankhoswe, mapepala ndi za azungu." Ankhoswe ndimawalemekeza, ndipo mwaona kuti ndi iwo anapulumutsa banja ndakuuzanili. Koma ankhoswe ndi anthu, amakalamba, amamwalira. Mmodzi wa ankhoswe a mayi uja anatisiya patangotha miyezi yochepa atalumbira kalata ija. Tikanachedwa chaka chimodzi, umboni wake ukanapita naye kumanda. Kulembetsa ukwati sikuchotsa ulemu wa ankhoswe, koma kumasunga mawu awo.

Tsopano kwa inu abusa anzanga, ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zanga zoyamba mu utumiki, maukwati ndinkalemba m'kope la sukulu. Masetifiketi ndinkagula ku sitolo ya mabuku, okongola, a maluwa m'mbali. Sindinkafunsa chiphaso, ndinkangolemba dzina limene andiuza. Namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023, madzi analowa m'nyumba imene tinkasungiramo katundu wa mpingo, ndipo kope limodzi linasanduka phala. Maukwati a zaka zinayi anafufutika usiku umodzi. Mpaka lero ndikuyenda khomo ndi khomo kulembanso. Ndi mabanja angati kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe amene mapepala awo onse anapita ndi madzi sabata imene ija?

Tisamanamize akhristu athu kuti pepala lililonse limene lili ndi chidindo cha mpingo lidzalandiridwa ku ofesi ya kazembe. Pitani kwa DC mukafunse ngati mpingo wanu ndi malo anu opempherera zili zovomerezeka kumangitsa ukwati wolowa m'mabuku a boma. Ngati sizili choncho, auzeni akwati poyera kuti akalembetsenso ku boma. Musamange ukwati musanaone ziphaso za onse awiri, mutsimikize kuti onse akwana zaka 18, ndipo dzina mulembe monga lilili pa chiphasopo. Bukhu la maukwati mulijambule tsamba lililonse, musunge kwina. Ndipo wina akabwera ndi envelopu kuti mubweze deti, kanani. Mukabweza kamodzi, setifiketi iliyonse imene munasainapo yasanduka yokayikitsa, ngakhale ya anthu osalakwa.

Kwa inu achinyamata amene mukukonzekera ukwati chaka chino, mwina mukuti ife za kunja sizikutikhudza. Mayi uja nayenso mu 2016 sankadziwa kuti tsiku lina adzafunika kutsimikizira mlendo wa ku Pretoria kuti ndi mkazi wa mwamuna wake. Ndipo si viza yokha. Pepala lomwelo ndi limene lidzakuimirireni pa nkhani ya penshoni, ya inshuwalansi, ndi ya chuma cha masiye tsiku limene achibale adzabwere kudzanyamula malata. Mumawononga ndalama zambiri pa holo, pa keke ndi pa zovala za operekeza. Patulaniko pang'ono mulembetse ukwati wanu mwezi womwewo.

Bambo uja anandiimbiranso foni mwezi wathawu. Anati, "Abusa, tsiku lija ndinakukwiyirani kwambiri." Ndinati ndikudziwa, achimwene, mudzi wonse unandiuza. Tinaseka. Kenako anati mnzake wina wa kuntchito ali ndi vuto lofanana, mkazi wake ali kwa Chikumbu, kodi ndingamuthandize? Ndinati amuuze mayiyo abwere ndi jumbo yake ya mapepala, ndi ankhoswe ake.

Inunso usiku uno tulutsani jumbo yanu pansi pa matiresi, muyale mapepala pamkeka, muwerenge. Mukapeza kuti akutsutsana, musachite mantha ndipo musathamangire njira yachidule. Yambani kukonza limodzi limodzi. Manambala a ziphaso ndi zithunzi za mapasipoti anu musaziike pano poyera, akuba ali paliponse. Amene muli pafupi, mukudziwa kumene ndimapezeka Lachiwiri lililonse m'mawa.

Tumizani uthengawu kwa m'bale wanu amene ali ku Joni, ndi kwa abusa anu. Ambuye asunge mabanja anu, ndipo amene mwasiyana kwa zaka akulumikizeninso pa khomo limodzi. Amen.